Mwana akalakwira lamulo: timutsekere kapena timuyang'anire ali kwawo?

Lachisanu lina madzulo ndinaperekeza agogo ena a m'dera lathu kupolisi. Mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka 14 wa Sitandade 7, anali atagwidwa ndi foni yomwe anaba pamalo otchajitsira mabatire pamsika. Agogowo ananyamula nsima m'kontena, atakulunga pakansalu kuti isazizire. Pakauntala panali nsapato za mwanayo za pulasitiki ndi lamba wake, poti wolowa m'chitolokosi amavula zimenezi. Atamutulutsa kuti adye, sanayang'ane aliyense kumaso. Chitseko chimene anatulukiracho chinali chotsekula pang'ono, ndipo m'katimo munkamveka mawu a amuna akuluakulu.

"Bwana, mwanayu mumusunga mpaka liti?" anafunsa agogowo atagwada.

"Amayi, lero ndi Lachisanu. Tiona Lolemba."

Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya ana ogwidwa ndi milandu sinandichoke mumtima. Ambirife timaganiza kuti njira ndi ziwiri zokha, kumutsekera kuti aone polekera kapena kumumasula kuti azipita. Koma pakati pa ziwirizi pali njira zingapo zimene malamulo athu amalola, ndipo kholo, mfumu, mkulu wa mpingo ngakhale munthu woberedwayo ayenera kuzidziwa asanafike pakauntala paja.

Zimene lamulo limanena

Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 42, amati mwana azitsekeredwa pokhapokha njira zina zonse zitakanika, kwa nthawi yochepa zedi, komanso asamasakanizidwe ndi akuluakulu. Mfundo yomweyi ili m'pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe Malawi anavomereza mu 1991. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Child Care, Protection and Justice Act, lomwe linabweretsa mabwalo apadera a ana ndipo limanena mosabisa kuti mwana asaponyedwe m'ndende pa mlandu uliwonse. Lamuloli limaletsanso bwalo kugwiritsa ntchito mawu oti mwana "wamangidwa" ngati mmene amanenera kwa wamkulu. Bwalo limangopeza kuti mwanayo anachitadi chinthucho, kenaka n'kulamula chochita naye. Mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu. Wa zaka zapakati pa 10 ndi 14 amazengedwa pokhapokha zitaoneka kuti ankadziwa kuti zimene akuchitazo n'zolakwika. Ndipo chichokereni 2017, pamene malamulo aakulu anasinthidwa, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Papepala zili bwino. Koma mu 2018 khoti lalikulu ku Blantyre linachita kulamula kuti ana amene ankasungidwa m'ndende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedwemo, patadutsa zaka zisanu ndi zitatu lamulo loletsa zimenezi lilipo kale. N'chifukwa chake ndimati kholo lisamangodalira kuti lamulo lidziyendetsa lokha.

Chitolokosi ndi limandi

Iyi ndi njira imene anthu okwiya amaifuna, ndipo sindiwanyoza. Munthu amene waberedwa foni yomwe anasunga ndalama miyezi isanu kuti agule, kapena mbuzi yomwe amayembekezera kugulitsa kuti apeze feteleza, akaona wakubayo akuyenda pamsika tsiku lotsatira amamva ngati watukwanidwa. Kutsekera kumaziziritsa mitima, komanso nthawi zina kumapulumutsa mwanayo kwa anthu ofuna kumulanga okha. Ubwino wake ndi umenewu, ndipo umathera pomwepa.

Zoipa zake n'zambiri. Mapolisi athu ambiri alibe chipinda chapadera cha ana, choncho mwana woba foni amagona pambali pa munthu amene wathyola nyumba kasanu. Usiku utatu ndi wokwanira kuti aphunzire kumene amagulitsa katundu wakuba, mmene amatsekulira foni yokiya, ndi mmene amayankhira wapolisi. Ndende zathu n'zothithikana, ndipo khoti linanena kale zimenezi mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano, pomwe linati kuthithikanako pamodzi ndi kuchepa kwa mpweya m'zipinda ndi nkhanza kwa akaidi. Kumene wamkulu amavutika chotero, mwana ndiye amakhala womaliza kulandira chakudya, womaliza kupeza pogona, ndi woyamba kugwiritsidwa ntchito ndi amphamvu posinthana ndi chitetezo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi sukulu. Mwana akajomba masabata atatu, akabwerera amapeza anzake adutsa, aphunzitsi akumuyang'ana mwachilendo, ndipo dzina lake lasanduka "mkaidi". Ambiri sabwereranso. Akatswiri awiri, Anna Aizer ndi Joseph Doyle, anafufuza za ana oposa 35,000 a ku Chicago m'dziko la America, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Kumeneko milandu imagawidwa kwa oweruza mwamaere, ena okhwima dzanja, ena ofewa, choncho zinali zotheka kuyerekeza ana a milandu yofanana amene wina anatsekeredwa wina ayi. Anapeza kuti pa ana 100 otsekeredwa, omaliza sekondale anachepa ndi pafupifupi 13, ndipo odzalowa m'ndende atakula anachuluka ndi oposa 20. Chicago si Ndirande kapena Mchesi, koma chimene chinawononga anawo ndi chomwecho chimene timaona kuno: atatuluka sanabwerere m'kalasi.

Palinso msampha wa zaka. Ana ambiri alibe kalata ya kubadwa, ndipo chiphaso cha unzika munthu amalandira akakwana zaka 16. Mnyamata wathupi lalikulu wa zaka 15 akalembedwa kuti ali ndi 19, nkhani yake yonse imayenda ngati ya wamkulu. Ngati mwana wanu wagwidwa, chinthu choyamba kunyamula, nsima isanapse, ndi buku lake la kusikelo, kalata ya ubatizo kapena chikalata cha kusukulu chosonyeza tsiku limene anabadwa.

Sukulu zosinthira khalidwe

Malo odziwika ndi awiri, Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre. Sali m'manja mwa a ndende, ali pansi pa unduna woona za ana ndi chisamaliro cha anthu. Kumeneko mwana amayenera kupitiriza sukulu ndi kuphunzira ntchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga, utelala ndi ulimi, ndipo pali bungwe lotsogoleredwa ndi woweruza wa khoti lalikulu lomwe limaunika nkhani za anawo kuti lione woyenera kubwerera kwawo.

Poyerekeza ndi ndende, malo amenewa ndi abwino kutalitali, ndipo pali ana amene ndingavomereze ndi mtima wonse kuti apite kumeneko: amene wapha munthu, amene wagwirira kamwana ka pakhomo pomwepo, amene wabwereza kuvulaza anthu ndi zikwanje pambuyo poti njira zina zayesedwa. Mwana wotere kumusiya pamudzi n'kuika ena pangozi, ndipo iye mwini akhoza kuphedwa.

Vuto ndi mtunda. Malo onse awiri ali m'chigawo cha kummwera. Mayi wa ku Karonga amene mwana wake ali ku Chilwa ayenera kuyenda makilomita oposa 800 kuti akamuone, ndipo ndalama ya basi yopita ndi kubwera ikhoza kudyetsa banja lake mwezi wathunthu. Mapeto ake sapitako. Mwana amatha zaka ziwiri osaona wakwawo, amasintha khalidwe pamalo pamene belu limamudzutsa ndi kumugoneka, kenaka n'kubwerera kunyumba yomweyo, njala yomweyo, anzake omwewo a ku vidiyo. Chimene chinamugwetsa sichinakhudzidwe n'komwe. Komanso malo amene asonkhanitsa ana olakwa okhaokha amakhala ndi chiopsezo chimene makolo athu anachiona kalekale pa nsomba zoikidwa mudengu limodzi.

Belo, mwana n'kubwerera kunyumba basi

Iyi ndi imene imachitika kawirikawiri. Kholo limasayina, limalonjeza kubweretsa mwana kukhoti, n'kumapita. Ndi yotchipa, mwana sajomba kusukulu, ndipo kwa mwana amene walakwa koyamba, wa pakhomo pamene pali wamkulu womumvera, nthawi zambiri ndi yokwanira. Mantha a tsiku limodzi lija ndi manyazi a pamudzi zimagwira ntchito.

Koma anthu ambiri amasokoneza njira imeneyi ndi kuyang'anira. Kumasula mwana popanda womutsatira si kumuyang'anira. Agogo a zaka 70 amene akulera zidzukulu zisanu ndi geni ya tomato sangadziwe kumene mnyamata wa zaka 14 ali nthawi ya 9 koloko usiku. Ndipo woberedwa uja, poti palibe amene wamufotokozera kanthu, amangoti apolisi adya ndalama. Ulendo wotsatira anthu sapitanso naye kupolisi mwanayo, amathana naye okha pamsika.

Kupatutsa mlandu ndi kukambirana

M'maofesi amati diversion. Tanthauzo lake ndi kuchotsa nkhani ya mwana m'njira ya kukhoti n'kuipititsa kwina kumene angakonze cholakwa chake popanda kuzengedwa mlandu. Lamulo la 2010 limalola zimenezi ngati mlanduwo si umodzi mwa ikuluikulu monga kupha ndi kugwirira, ngati pali umboni wokwanira, ngati mwanayo wavomera yekha popanda kuopsezedwa, ndiponso ngati iye ndi kholo lake agwirizana nazo. Zimene angalamulidwe ndi monga kupepesa pamaso pa wolakwiridwa, kuchenjezedwa ndi apolisi, kubweza katundu kapena kulipira, kulandira uphungu, kapena kukhala pansi mabanja onse awiri n'kugwirizana chochita.

Njira yomalizayi dziko la New Zealand linaiika m'malamulo ake mu 1989, potengera mmene anthu a mtundu wa Maori ankathetsera nkhani pabanja, ndipo maiko ambiri anakaphunzira kumeneko. Ife sitifunika kupita kutali chotero. Pabwalo la mfumu takhala tikuchita zimenezi chiyambire: mwini mbumba amaima m'malo mwa mwana, wolakwiridwa amanena zakukhosi, chipepeso chimaperekedwa, anthu n'kupitiriza kutunga madzi pachitsime chimodzi. Bungwe la Paralegal Advisory Service Institute, lomwe ntchito yake inayamba mu 2000, limatumiza alangizi a zamalamulo m'mapolisi, m'makhoti ndi m'ndende kukafufuza ana oyenera kupatutsidwa, komanso linaphunzitsa anthu a m'midzi kukhala amkhalapakati pa nkhani zing'onozing'ono. Ku Lilongwe kwakhala kukuchitika maphunziro a masabata 12 otchedwa Mwai Wosinthika, othandizidwa ndi bungwe la Irish Rule of Law International, a ana amene milandu yawo yapatutsidwa.

Mphamvu ya njira imeneyi ndi yakuti mwana amamuona munthu amene anamulakwira. M'chitolokosi mwana amadziona ngati iye ndiye wozunzidwa, ndipo foni ija amaiiwala. Koma akakhala pamphasa moyang'anana ndi mayi amene akufotokoza kuti m'foni muja munali ndalama za fizi za mwana wawo, pamakhala povuta kuthawira.

Pali zoyenera kusamala ziwiri. Choyamba, mwana wosalakwa akhoza kuvomera chabe kuti atuluke msanga, choncho kuvomerako kuzichitika pali kholo kapena mlangizi. Chachiwiri, ndipo apa ndikunenetsa, nkhani yogwirira mwana si yokambirana pabwalo la mfumu. Mbuzi kapena nkhuku sizilipira chimene chachitikira mtsikana, ndipo mabanja amene amathetsa nkhani zotere mwachinsinsi amamupereka mwanayo kawiri.

Kuyang'aniridwa ali kwawo

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Mwana amagona kwawo, amapita kusukulu kwake, koma ali ndi malamulo omveka ndi munthu wodziwika dzina amene amamutsatira. Lamulo limalola bwalo kapena opatutsa mlandu kulamula kuti mwana azikaonekera kwa womuyang'anira pa masiku oikika, asajombe kusukulu, azikhala panyumba maola akutiakuti, asapezeke malo akutiakuti, asiye kuyenda ndi gulu lakutilakuti. Woyang'anira wamkulu ndi mlangizi wa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu paboma, kumene ambiri timangoti kwa a Social. Iyeyu ndi amenenso amafufuza za pakhomo pa mwanayo n'kulembera bwalo lipoti.

Kusiyana kwake ndi njira zina zonse n'kwakuti kuyang'anira kumakumana ndi vuto pamalo pamene vutolo lili. Ngati mwana amaba chifukwa amagona ndi njala, woyang'anira amaona poto wopanda kanthu ndi maso ake. Ngati ndi chamba kapena kachasu, amadziwa nyumba imene amagulitsa. Ngati bambo womupeza amamumenya mpaka mwana kuthawira kumsika, zimaonekera pa ulendo wachiwiri. Ku Chilwa sangaone zimenezi, ndipo woweruza amene wamuona mwanayo kwa mphindi khumi sangazione.

Mtengo wakenso ndi wochepa. Mwana wotsekeredwa boma limamudyetsa, kumufunditsa, kumulondera usana ndi usiku. Woyang'aniridwa amadya kwawo, ndipo chofunika ndi nthawi ya munthu mmodzi ndi njinga yoyendera.

Koma njinga imeneyo ndi munthu ameneyo ndiye pagona nkhani. Alangizi a chisamaliro cha anthu ndi ochepa, ndipo yemweyo ndi amene akuthamanga ndi nkhani za ana amasiye, maukwati a ana ndi mtukula pakhomo. Mwana wa kumudzi wakutali ndi boma akhoza kulamulidwa kuti aziyang'aniridwa koma osaonedwa ndi aliyense mpaka nthawi yake kutha. Pamenepo pepala limati akuyang'aniridwa, pamene zoona zake wangomasulidwa.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti lamulo loyang'anira lisamatuluke popanda dzina la munthu wapafupi, woyenda pansi kufika pakhomo pa mwanayo. Akhoza kukhala atsibweni ake, mphunzitsi wa kalasi yake, mkulu wa mpingo kapena wa kumzikiti, wa komiti yoteteza ana m'mudzi, kapena mmisiri wovomera kumuphunzitsa ntchito. Ku America kuli bungwe la Youth Advocate Programs, lomwe linayamba mu 1975 ku Pennsylvania, limene limalemba ntchito anthu a m'dera lomwelo kuti azikhala ndi mwana wotere maola angapo sabata iliyonse. Iwo amachita kulipira chimene ife tili nacho kale m'mawu oti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chimene timasowa ndi kuchikonza bwino: ndani, tsiku liti, akapanda kubwera tiuza yani.

Malamulo opatsa mwana akhalenso ochepa ndi otheka. Mukamuuza kuti azikasayina kuboma Lachitatu lililonse m'mawa, pamene boma lili makilomita 30 ndipo Lachitatu ndi tsiku la sukulu, mwamutchera msampha. Akalephera mudzati waphwanya lamulo, n'kumutsekera chifukwa cha ndalama ya kabaza, osati chifukwa cha mlandu. Ndipo mwana akaterereka kamodzi, akajomba tsiku limodzi kapena akapezeka ku vidiyo usiku, yankho loyamba lisakhale chitolokosi. Wonjezerani maulendo omuyendera, fupikitsani nthawi yofikira panyumba, itanani banja likhalenso pansi.

Pali ana amene kwawo ndiye kuli ngozi, ndi ena amene alibe kwawo n'komwe, ogona m'makhonde a mashopu ku Limbe kapena pansi pa mlatho ku Lilongwe. Kwa amenewa mawu oti "abwerere kwa makolo" alibe tanthauzo, ndipo kawirikawiri amatsekeredwa osati chifukwa mlandu wawo ndi waukulu koma chifukwa palibe wobwera kudzasayina. Lamulo limatchula nyumba zosungirako ana mongoyembekezera, ndipo mabungwe monga Chisomo Children's Club akhala akugwira ntchito yofufuza abale a ana a m'misewu. Mwana wotere afunika apezeredwe wachibale wina kapena banja lomulera kaye, kenaka kuyang'anira kuyambire pamenepo.

Ntchito yothandiza mudzi, ndi zina zimene sindikuzilimbikitsa

Chilango chogwira ntchito yosalipidwa pamalo a boma chinayamba kuno cha m'ma 2000, titaphunzira ku Zimbabwe. Kwa mwana wamkulupo chimathandiza ngati ndi maola ochepa, kunja kwa nthawi ya sukulu, ndipo ntchitoyo ikugwirizana ndi chimene anawononga: woswa mawindo a kalasi athandize kukonza kalasiyo. Chikasanduka chionetsero, mwana akutchetcha pamsewu anzake akumuwowoza, chataya cholinga.

Maiko olemera amamanga mwana kachipangizo pamwendo kosonyeza kumene ali. Kamafuna kutchaja tsiku ndi tsiku ndi netiweki yosadukiza, ndipo ngakhale kumene zimenezi zilipo, kamangonena malo, sikanena chifukwa chimene mwanayo sanadye. Za kupita naye kundende kuti akaone n'kuchita mantha, kafukufuku wa ku America pa mapologalamu otchedwa Scared Straight anapeza kuti ana opititsidwa kukaopsezedwa chotero ankalakwa kwambiri kuposa anzawo amene sanapiteko.

Mmene zinathera ndi mdzukulu wa agogo aja

Loweruka m'mawa tinabwerera kupolisi kuja ndi buku lake la kusikelo, atsibweni ake, ndi mwini foni, mayi wogulitsa zitumbuwa amene tinachita kumupempha usiku wonse. Foni inali itapezeka koma galasi litasweka. Wapolisi woona nkhani za ana anatikhazika m'kachipinda, ndipo mayiyo analankhula nthawi yaitali, misozi ili m'maso. Mnyamatayo anagwada n'kunena kuti, "Amayi, ndinalakwa, mundikhululukire." Mayiyo anayankha kuti, "Mwana wanga, kukhululuka ndakhululuka, koma galasi langa ndikulifuna."

Tinagwirizana zinthu zinayi, ndipo zinalembedwa. Azifika panyumba dzuwa lisanalowe. Aphunzitsi ake azisayina m'kope tsiku lililonse kuti wabwera. Loweruka lililonse azikhala kwa kalipentala wina wa mumpingo mwathu, ndipo kandalama ka ganyu yopala matabwa kazipita kwa mwini foni mpaka galasi litakwana. Ine ndinapatsidwa Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo kuti ndizidutsa pakhomopo kuona kope lija.

Sabata yachisanu ndinapeza masiku awiri opanda siginecha. Agogo anayamba kunjenjemera poganiza kuti abwera kudzamutenga. Nditamufunsa modekha, zinapezeka kuti anamubweza kusukulu chifukwa cha ndalama ya mayeso, ndipo anaopa kunena poti ankadziwa kuti m'nyumbamo mulibe. Atsibweni ake analipira m'mawa mwake. Galasi linakwana patatha miyezi itatu, ndipo anakapereka yekha ndalama yomaliza pamsika paja, pamaso pa anthu omwe aja amene anamugwira. Kwa kalipentala sanasiye kupita ngakhale nthawi yake itatha, ndipo kampando kamene agogo ake amakhalira pogulitsa tomato anakhoma ndi iyeyo, mwendo umodzi ndi wofupikirapo moti amachita kuikira kamwala.